Mbatata Ziwiri za Basela

Chimadzi, Tete
9 Maio 1994

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo bondo lija lasiya kukuvutitsani. Ine ndili bwino, kungoti dzuwa la Tete silidziwa kuti mwezi uno kwathu ku Tsangano anthu ayamba kufunda mabulangete. Matumba asanu ndi limodzi a mbatata ya kachewere amene munatumiza pa kamyau, lole ya a Joaquim ija, ndalandira. Limodzi linang'ambika potsitsa, koma mbuzi za kuno zinathandiza kutola.

Ndiyambe ndi nkhani yabwino. Msika watsopano watsegulidwa. Omanga ndi a Mgwirizano wa Mayiko Khumi ndi Awiri, omwe aja anatenga achimwene Amadeu kupita nawo ku Ulaya kuti azikawatanthauzira. Muli denga, muli mpopi, ndipo aliyense ali ndi banka yake, thebulo la simenti lolembedwa nambala. Yanga ndi 23, pafupi ndi chipata, pamene wogula amadutsa ndalama zisanamuthere. Ababa, chithawireni nkhondo ndakhala ndikugulitsira pansi, ku Malawi pa chiguduli, kuno pa chiguduli. Tsiku loyamba banka ija ndinaipukuta katatu ngakhale inalibe fumbi. Ndinalirako pang'ono, osauza munthu.

Vuto ndi loti bankayo yabwera ndi buku la masamba makumi anayi. Akuti linalembedwa ku likulu lawo ndipo ndi lomwelo m'misika yonse imene amanga, kaya ndi dziko liti. Kuyeza ndi chitini aletsa, zonse tiziika pa balansa, sikelo yawo, kilo ndi kilo. Zimenezo ndikanapirira. Koma lamulo nambala 17 likuti basela ayi. Wolipira kilo imodzi atenge kilo imodzi, osamuponyera ngakhale kambatata konga dzira la njiwa. Ukalakwa katatu akulanda banka.

Ine ndalakwa kale kamodzi. Dzanja langali linazolowera, limaponya lokha. Fisikali woyang'anira msika, a Hélio, anali kumbuyo kwanga. Anangoti, "Dona Cecília, artigu 17," nkundipatsa kapepala kachikasu. Si munthu woipa, ndi wa ku Mpadue konkuno, koma bukulo amayenda nalo m'khwapa ngati katekisimu.

Choncho kathumba ka mbatata zing'onozing'ono kamene mumandiikira kuti ndizipereka basela musatumizenso. Mundiuze ngati nyumba mwamaliza kufolera komanso ngati achimwene akulemberani.

Ndine mwana wanu,
Cecília

Tsangano
22 Maio 1994

Mwana wanga Cecília,

Ife tili bwino. Nyumba ndafolera mbali imodzi, mbali inayo ndikuonera nyenyezi. Bondo likupweteka, koma kalata yako yandipweteka kuposa bondo.

Kathumba ndatumiza. Ndaonjezeranso kachiwiri. Mizere iwiri ya kumapeto kwa munda ndimalimira basela kuyambira iwe usanabadwe, ndiye munthu amene sanaonepo munda wanga andiuze kuti ndisiye? Kupatsa nkuika, mwana wanga. Mbatata ziwiri zimene umaponyazo ndi zimene zimabweza wogula mawa. Malonda opanda basela ndi malonda a anthu odana.

Ndikudziwa kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo denga lawolo ndikuyamika. Koma mlendoyo sayamba kumeta mwini nyumba asanamufunse. Anakufunsani inu ogulitsa asanalembe bukulo? Ndani anawasankha? Ndikafuna kukangana nawo ndikwere galimoto iti?

Zimenezi ndinaziona ku kampu ya othawa nkhondo zaka zisanu ndi chimodzi. Anatidyetsa, sindikana, Mulungu awadalitse. Koma chilichonse ukafunsa ankati chagamulidwa kutali. Bwanji chimanga chachikasu? Kutali. Bwanji nandolo mwezi ndi mwezi? Kutali. Potiwerenga ankativiika chala mu inki ngati akuika chizindikiro pa ng'ombe. Tsiku lobwerera kwathu ndinalumbira pa malire kuti chala changa sichidzalowanso mu inki. Tsopano kwabwera anyamata a zisankho za mu Outubro, akuti tikalembetse, ndipo ndamva kuti kumenekonso kuli inki. Ndawauza kuti ine ndinawerengedwa kale mokwanira.

Amadeu sanandilembere. Umulembere iweyo. Amadya nawo limodzi anthuwo, akagogode pa khomo la mwini bukulo amuuze kuti alongo ake akuvutika.

Chitini chija usataye ayi. Ndinachikonza ndekha ndi nyundo, ndipo iwe ukudziwa mmene ndinachikonzera.

Bambo ako,
Tomás Ngozo

Chimadzi, Tete
2 Junho 1994

Achimwene Amadeu,

Moni wa ku Tete, wotentha bwino, mufunde kumeneko. Muli bwanji? Kodi mapepala anatha ku Ulaya, kapena dzanja linauma ndi chisanu? Miyezi inayi osalemba! Ababa akungoyang'ana kumsewu.

Sindikupempha nsapato kapena wailesi, musaope. Ndikupempha miyendo yanu. Mabwana anu atimangira msika wabwino ndipo ine ndapeza banka nambala 23, koma m'buku lawo muli lamulo 17 loletsa basela. Timapepala tachikasu ndili nato tiwiri tsopano. Kachiwirika ndinakapeza chifukwa cha agogo ena amene anagula theka la kilo nkungoima osachoka, akundiyang'ana. Mukuwadziwa maimidwe ake aja. Ndikanatani? Kachitatu kakabwera kadzakhala kofiira, ndipo banka yapita.

Masiku ano ndimagulitsa dzanja lamanja nditalikulunga mu kapulana, chitenje changa, kuti lisandipachike. Mnzanga Rosa wa pa banka 24, wogulitsa matimati, akuti ndikuoneka ngati ndinalumidwa ndi njoka. Ogula nawo ayamba kunena kuti akazi a ku Angónia ndi Tsangano alowa umbombo chipezereni simenti. Zimandiwawa zimenezo, achimwene, chifukwa si mmene anatilerera.

Ndinafunsa a Hélio, fisikali wathu, kuti dandaulo timakapereka kuti. Akuti kwa shefi, bwana wawo. Shefiyo akuti ku Maputo. A ku Maputo akuti iwo sanalembe nawo. Ndiye ndalemba dandaulo langa, ndaliika muno. Inu muli pa gwero penipeni. Mukagogode kwa mwini bukulo, mumuuze kuti mbatata ziwiri sizinagwetsepo dziko.

Mlongo wanu,
Cecília

Ku Likulu, Ulaya
25 Maio 1994

Okondedwa Ababa,

Ndikupempha chikhululukiro chifukwa chokhala chete. Ntchito yachuluka. Ndikhulupirira inu ndi Cecília muli bwino. Ine ndili bwino, ndanenepa pang'ono. Kuno mbatata amadya tsiku lililonse, koma ndi zazikulu zopanda kukoma, za kwathu zimaziposa kutali.

Nyumba imene ndimagwiramo ntchito ili ndi nsanja zisanu ndi zinayi, ndipo pokwera sitiyenda ndi miyendo. Muli anthu a mitundu yonse ndipo onse ndi aulemu. Akufuna kuti mayiko onse aziyendera lamulo limodzi kuti pasakhalenso mikangano. Inu amene munaona nkhondo mungavomereze kuti maganizowo ndi abwino.

Ndikuuzeni chinthu choti munyadire nacho. Chaka chatha nditangofika, pa chakudya cha akuluakulu, anandifunsa za malonda a kwathu. Ndinawafotokozera za basela. Ndinawauza za mizere yanu iwiri ija, ndi mmene Cecília amaponyera mbatata m'dengu la wogula osayang'ana nkomwe. Anachita chidwi kwambiri. Mayi wina wa magalasi analemba zonse m'kabuku, nandifunsa kuti pa kilo iliyonse timaonjezera zingati. Ndinati zimatengera nkhope ya wogula. Anaseka mpaka kupukuta magalasi.

Tsopano ndamva kuti nkhaniyo inalowa m'buku la malamulo a misika, ndipo ili ndi nambala yakeyake! Bukulo sindinaliwerenge, lili ndi a nsanja yachisanu ndi chiwiri, koma akuti lafika kale ku Tete. Cecília akaliona adziwe kuti mlongo wake sakugona kuno. Mwambo wa kwathu tsopano ukudziwika m'mayiko khumi ndi awiri.

Mwana wanu,
Amadeu

Tsangano
17 Julho 1994

Amadeu,

Moni ndikukupatsa chifukwa malemu amayi ako anandiphunzitsa ulemu.

Kalata yako yayenda milungu isanu ndi iwiri. Bwenzi itangosochera. Ndinaiwerenga pamaso pa anthu kutchalitchi ndisanadziwe za m'kati, ndipo pofika pa mayi wa magalasi ndinayamba kutsokomola kuti ndisapitirize.

Ndiye kuti ndiwe! Ife tikufunafuna mfiti kutali, osadziwa kuti ili m'nyumba momwemo. Nambala yakeyake imene ukunyadirayo ndi 17, ndipo ikuti mlongo wako akaponya mbatata kamodzinso amulanda malo. Ndinakutumiza kusukulu ya ku kampu ndi mimba yanga yopanda kanthu kuti uphunzire Chingelezi chokaneneza nacho abale ako?

Ukuti lamulo limodzi kuti pasakhale mikangano. Ine ndi amayi ako tinakangana zaka makumi atatu ndipo nyumba inalimba. Kumene sikukanganidwa ndi kumanda.

Ndikuuze zimene wandichititsa. Dzulo ndapita kukalembetsa zisankho, ine amene ndinalumbira. Anandijambula, ndatuluka ngati mbava, koma kakhadi ndili nako. Ndaona kuti ngati mwana wanga yemwe akhoza kundilamulira ali kutsidya kwa nyanja osadziwa chimene walamula, kuli bwino ndisankhe ondilamulira amene ndingathe kuwapeza ndi kuwatukwana m'chinenero chimene akumva.

Kalata yakoyo ndaitumiza kwa Cecília kuti nayenso anyadire.

Bambo ako, pakadali pano,
Tomás Ngozo

Ku Likulu, Ulaya
30 Agosto 1994

Mlongo wanga Cecília,

Makalata anu awiri afika tsiku limodzi, yako ndi ya Ababa. Ndinayamba ndi ya Ababa, ndipo chakudya cha masana sindinadye. Uli bwanji? Banka ikadalipo?

Ndikulumbira, sindinadziwe. Ine ndinkakutamandani. Ndinakwera ku nsanja yachisanu ndi chiwiri kukawerenga bukulo ndi maso anga, ndipo manyazi anandigwira. Iwo anamva kuti kwathu wogula wina amalandira zambiri, wina zochepa, malinga ndi nkhope. Akuti kumeneko ndi kukondera, komanso kumasokoneza chiwerengero cha makilo. Sanafune kukupweteka. Dzina lako salidziwa nkomwe.

Ndinafunsa za mayi wa magalasi uja. Anachoka, akugwira ntchito ya nsomba tsopano. Ndinapita kwa amene analowa m'malo mwake, anandipatsa khofi nkundituma ku nsanja yachinayi. A yachinayi anati iwo amangosindikiza. A yachisanu ndi chinayi anandimvera chisoni kwambiri, mpaka wina anandigwira paphewa. Akuti lamulo likalowa m'buku silingachoke pokhapokha mayiko onse khumi ndi awiri atavomereza, ndipo msonkhano wake udzakhalako mu Março 1996. Ndinafunsa ngati ku Tete kokha angalichotse. Akuti zikatero ndiye kuti aliyense azifuna zake.

Unandituma kukagogoda kwa mwini bukulo. Mwini wake kulibe, mlongo wanga. Ndapeza makomo makumi atatu, lililonse likundilozera linzake. Dandaulo lako ndalipereka ndipo analidinda bwinobwino.

Ndiye ndikukupempha, limba mtima. Dzanjalo lizikhalabe mu kapulana. Chaka ndi theka si kutali. Banka ya pachipata sipezeka kawiri, ndipo ine sindingapirire kumva kuti wabwerera pa chiguduli chifukwa cha pakamwa panga.

Ababa uwauze kuti ndawamva. Kuwalembera ndikuopa.

Mlongo wako,
Amadeu

Chimadzi, Tete
31 Outubro 1994

Okondedwa Ababa,

Muli bwanji? Ndikufuna kumva ngati munapitadi kukavota kapena munakabisala kumunda.

Ine ndinavota Lachinayi. Tinaima pa mzere kuyambira m'mawa, dzuwa likutiwotcha ngati chimanga, koma palibe anachoka. Nditalowa m'kachipinda kaja ndekha ndinachedwamo, osati chifukwa sindinkadziwa wosankha, koma chifukwa chibadwireni palibe anandifunsapo maganizo anga pa nkhani ya dziko. Ndinatuluka chala chili bii, ndikuyenda ngati mzinda wonse ndi wanga.

Mwina ndi zimenezo zinandipusitsa. Loweruka pa banka panga panabwera Dona Isaura, mkazi wa a Hélio fisikali. Anagula makilo awiri, kenako nkuti m'Chinyungwe chawo chija, "Mana, ndithumizireni pang'ono, kunyumba kuli alendo." Ankapempha basela. Amuna awo anali pachipata, buku m'khwapa, akutiona. Miyezi isanu ndakhala ndikudziletsa, Ababa. Ulendo uno dzanja silinaponye lokha ayi. Ndinamasula kapulana, ndinasankha mbatata ziwiri zabwino m'kathumba kanu, nkuziika m'dengu mwawo anthu onse akuona.

A Hélio anabwera thukuta lili kamukamu. "Isaura, bweza zimenezo." Mayiwo anati, "Zalowa kale m'dengu. Madzulo ano mudya nawo." Msika wonse unafa ndi phwete. Koma buku ndi buku. Analemba kapepala kofiira, nandinong'oneza kuti, "Pepani Dona Cecília, ndikapanda kulemba andichotsa ine."

Ndiye banka 23 yapita. Lero aipereka kwa mayi wina amene anali pa mndandanda wodikira, Dona Cátia wa ku dera la Samora Machel, wogulitsa anyezi. Amuna ake anafera ku nkhondo, ali ndi ana anayi. Sindingamude, koma nditamuona akuipukuta banka ija ndinayang'ana kumbali.

Ndabwerera pa chiguduli, pansi pa mlambe kunja kwa mpanda. Masana ndimaseka nawo anthu. Koma zikundiwawa kwambiri, ndipo sindikudziwa ngati ndinachita chamuna kapena chopusa.

Mwana wanu,
Cecília

Chimadzi, Tete
13 Novembro 1994

Achimwene Amadeu,

Moni. Khalani pansi musanawerenge, mungagwe pa nsanja zanuzo.

Banka anandilanda, Ababa akuuzani kapena ayi sindikudziwa. Koma imvani zotsatira zake. Rosa anabwera pansi pa mlambe nkunena kuti, "Ngati tasankha mtsogoleri wa dziko lonse sabata yatha, tingalephere kusankha za mbatata ziwiri?" Loweruka tinaitana onse a mumsika, anthu 64. Tinapachika kapulana pa nthambi kuti ikhale kachipinda, kumbuyo kwake tinaika matumba awiri opanda kanthu. Lamanja la ofuna basela, lamanzere la ofuna buku. Aliyense ankatenga kambatata kamodzi m'kathumba ka Ababa, nkulowa yekha kukaponya. Potuluka tinkamupaka makala pachala kuti asabwereze, chifukwa akazi a nsomba timawadziwa.

Mzere uli pakati, tinangoona kamyau ya a Joaquim yaima, pamwamba pa matumba pali Ababa ndi chipewa chawo. Kalata yanga itawapeza sanadikire kuyankha. Anatsika ndi bondo lawolo nkulowa pa mzere. Rosa anawagwadira bwinobwino nkuti, "Pepani Ababa, inu muli ndi banka nambala chani?" Iwo anati, "Mbatata mukuvoterazi ndalima ndine!" Rosa anati, "Tikuthokoza. Koma za mumsika uno agamula ndi a mumsika uno. Inu ndinu a kutali."

Achimwene, ndinaganiza kuti kugwa mlambe. Koma Ababa anaseka mpaka kukhala pa thumba. Anati, "Wandigwira ndi msampha wanga womwe, mwana iwe." Ndipamene ndinaona chala chawo. Inki inali ikadali m'mbali mwa chikhadabo. Nditawafunsa anati, "Ya ku kampu ankandiviika. Iyi ndaviika ndekha."

Tinawerenga poyera. Basela 58, buku 6. A Hélio tinawauza zotsatira, iwo anati alibe mphamvu yosintha. Tinati palibe kanthu, nafenso tilibe mphamvu yokhala. Lolemba onse anatuluka ndi katundu wawo kudzayala pansi pa mlambe, ngakhale asanu ndi mmodzi aja, chifukwa anati anagonja mwachilungamo. Amene anandidabwitsa ndi Dona Cátia, mayi wamasiye amene anapatsidwa banka yanga. Sabata imodzi yokha chiipezereni, koma anasenza anyezi wake nkudzakhala pafupi nane.

Ogula atitsatira. Mumsika wanu wokongola uja mwatsala a Hélio ndi mbuzi, ndipo mbuzi zikukonda simenti chifukwa imazizira. Lachisanu kunabwera alendo a Mgwirizano ndi makamera kudzajambula chitukuko. Musandifunse zimene anajambula.

Ababa akuti ndikupatseni moni. Ndawafunsa kawiri, akuti inde, moni.

Mlongo wanu,
Cecília

Ku Likulu, Ulaya
9 Dezembro 1994

Mlongo wanga,

Zimene anajambula ndaziona. Chithunzicho chayenda nsanja zonse zisanu ndi zinayi mofulumira kuposa dandaulo lako. Pa banka 23 pagona tonde wa ndevu, akuyang'ana kamera ngati ndiye shefi. Anandiitana kuti ndifotokoze ngati umenewu ndi mwambo winanso wa kwathu. Ulendo uno ndinati sindikudziwa kanthu.

Achita misonkhano itatu. Lamulo 17 sangalichotse, ndinakuuza kale chifukwa chake. Koma apeza njira. Akuti msikawo aupereka m'manja mwa mzinda chaka chisanathe, msanga kuposa mmene anakonzera, ndipo m'lipoti alemba kuti ntchito ya ku Tete yatheka bwino kwambiri moti anthu ake akhwima. Ndinatanthauzira ndekha mawu amenewo osaseka, undiyamikire.

Kontrato yanga ikutha mu Abril ndipo sindipempha ina. Ndiuze zoona: ndikafika ku Tsangano ndilowe pakhomo, kapena ndiyambe ndaima kumunda?

Pa banka yako ubwererepo msanga. Ndikufuna kudzakupeza pachipata.

Amadeu

Chimadzi, Tete
22 Janeiro 1995

Achimwene Amadeu,

Moni wa chaka chatsopano. Ababa akuti mulowe pakhomo, koma mubwere ndi nsapato zolimira, mizere iwiri ija chaka chino ndi yanu.

Msika tabwereramo. A mzinda anati malamulo tipange tokha, iwo angowaona. Tinasankha komiti, wapampando ndi Rosa. A Hélio tawasunga, buku lawo tsopano lili ndi masamba awiri ndipo anenepa. Tinavota zinthu zitatu, ndi mbatata zomwe zija.

Choyamba, lamulo 17 linafa, palibe analilira.

Chachiwiri chinali chitini kapena balansa. Ine ndinaimirira kulankhulira chitini, ndinalankhula bwino zedi za makolo athu. Ndisanakhale pansi Rosa ananyamula chitini changa nkuchitembenuza kuti onse aone kunsi kwake, kumene Ababa anakumenya ndi nyundo kuti kulowe m'kati. Anati, "Anzanga, basela wathu uja nthawi zina ankangobweza zimene chitini chaba." Anthu anaseka mpaka misozi, chifukwa zitini zawo zonse nzotero. Balansa inapambana. Pamenepo azungu anu anaganiza bwino, muwauze, koma musawauze pa chakudya.

Chachitatu chinali banka 23, ibwerere kwa ine kapena ikhale kwa Dona Cátia. Ndinalibe nkhawa. Ndani anayambitsa zonsezi? Ndani analandira kapepala kofiira? Powerenga, ine 27, iye 37. Akuti mayiyo anaika pachiswe chakudya cha ana anayi pa nkhondo imene sinali yake, ndipo ine ogula anga anganditsatire ngakhale kumanda. Andipatsa banka 51, kumbuyo, pafupi ndi a nsomba zouma, kumene ntchentche zimachitira misonkhano yawo.

Achimwene, zinandipweteka kuposa kapepala kofiira kaja. Alendo akakulanda umati sakundidziwa. Awa amandidziwa, ena ndinawasungira ana, ndipo anaponya mbatata ya bambo anga m'thumba la wina. Masiku atatu Rosa sindinamupatse moni. Lachinayi ndinapita kwawo, ndinagogoda, anatsegula yekha, ndipo ndinamulalatira mpaka mawu anandithera. Anandimvetsera, anandiyankha, anandipatsa madzi akumwa. Sanasinthe maganizo, nanenso sindinasinthe. Komiti tidzasankhanso mu Junho, ndipo ndamuuza kuti akonzeke. Pobwerera ndinakumbuka makomo anu makumi atatu aja. Ine langa ndi limodzi, lili ku Chimadzi konkuno, ndipo lili ndi munthu m'kati.

Dzulo kwafika kalata yochokera ku likulu lanu, pepala lolimba lokongola. Akuti dandaulo langa alilandira ndipo adzaliona mu Março 1996. Ndinaiika pansi pa balansa kuti balansayo isagwedezeke.

Masana omwewo Dona Cátia anabwera ku 51 kudzagula kilo imodzi. Akanatha kugula pafupi, ogulitsa mbatata tilipo asanu ndi awiri. Ndinamuyezera, analipira, ndipo sanaime kudikira monga amachitira ogula, anatembenuka msanga maso ali pansi. Ndinayang'ana dzanja langa. Kwa nthawi yoyamba chibadwireni linangokhala phee, silinafune. Ndinachita kulituma.

Ndinamuitana, ndinasolola kalata ija pansi pa balansa, nkukulungamo mbatata ziwiri. Ndinati, "Mana, mwaiwala basela." Analandira, kenako anati banka ija imatsetsereka pang'ono kumanzere, anyezi amagubuduzika, kodi ine ndinkatani? Ndinapita kukamuonetsa pamene ndinkaika mwala.

Mukafika musandifune pachipata. Muziyenda molunjika kumbuyo, mutsatire fungo la nsomba, mundipeza.

Mlongo wanu,
Cecília, banka 51